Khoma la M'khitchini Mwanu

Mayi a ana anga okondedwa,

Landirani moni wochokera kuno kunyumba kwanu. Kaya mwadzuka bwanji kumeneko? Bondo lija linkakuvutani kukazizira, lasiya, kapena mukungobisa monga mwa khalidwe lanu? Nanga mzime wathu, mphamvu zabwerera zonse? Mapasa aja ndamva kuti ayamba kuimirira atagwira mipando. Mkamwini ananditumizira chithunzi chawo pafoni, ndipo ndachiyang'ana mpaka ndachiloweza. Mmodzi watenga makutu anga. Mumupepesere, ndi mwana wosalakwa.

Ine kuno ndilipo. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndikumwa m'mawa uliwonse osadumphitsa. Msana ndi womwe uja, mphatso imene mpando wa basi unandipatsa popuma pantchito.

Mudabwa kuti munthu amene mumalankhula naye Lamlungu lililonse wakulemberani kalata ngati tili pachibwenzi. Pafoni ndimakanika. Mukangoti halo, mwana wina walira, wina wagwetsa mbale, ine n'kufunsa ngati kukutentha, inu n'kuyankha kuti kukutentha, basi tatsanzikana. Nkhani imene ndili nayo ikufuna mukhale pansi. Musachite mantha, palibe wamwalira ndipo palibe wavulala. Nyumba ikadali chiimire, kungoti panopa ikuyendera ndodo.

Ndiyambire poyambira.

Pochoka munati mukakhala miyezi itatu, mzime wathu akangochira atabereka mapasa mubwerera. Lero ndi mwezi wa khumi ndi chinayi. Masabata oyamba ndinkakadya kumalo odyera aja a pafupi ndi depoti, limodzi ndi madalaivala anzanga akale. M'mimba munakana mafuta awo. Ndiye ndinalowa m'khitchini mwanu.

Ndikuti mwanu chifukwa takhala m'nyumba muno zaka makumi atatu ndi zinayi, koma ine ndinkathera pakhomo pake. Ndinkangosuzumira n'kufunsa ngati zapsa. Kuimamo ola lathunthu ndinali ndisanayambe ndachitapo.

Mayi a ana, munkapirira bwanji? Ukatsegula firiji, chitseko sichitseguka. Ukafuna kutsegula chitseko, uyambe watseka firiji. Zenera linapenya kumpanda wa aneba, moti dzuwa lili paliwombo m'menemo muli ngati kwada, nyale ndi yoyatsa usana. Ukamatakasa mumphika, chigongono chimagunda khoma. Ine ndinapsa pamkono kawiri sabata yoyamba, potembenuka ndi poto wotentha popanda potembenukira.

Pakhoma lomwelo, pafupi ndi sitovu, ndinapeza malo amene penti inaperepeseka, posalala ngati pathebulo lakale. Ndinayesa kupukuta, ndimayesa ndi litsiro. Kenako ndinazindikira kuti ndi pamene munkatsamiritsa phewa podikira madzi kuti awire. Ndinaima pamenepo kanthawi ndithu.

Apo m'pamene ndinayamba kukumbukira nthawi zonse zimene munandipempha kuti tigumule khoma la pakati pa khitchini ndi balaza. Munapempha titangolowa m'nyumbamu, muli ndi pakati pa mwana wathu woyamba, ine n'kuti tiona chaka chamawa. Munapemphanso atandiika pa maulendo ataliatali, ine n'kuti khitchini si malo ochezera. Komaliza munapempha nditapuma pantchito, ndipo ndinakufunsani ngati munafa pophikamo zaka zonsezi. Simunapemphenso. Ine ndinkayesa kuti nkhani yatha.

Komabe chimene chinandithyola si mdima kapena kupsa ayi.

Lamlungu lina kunabwera mng'ono wanu, mlamu wanga wolongolola uja, ndi amuna ake ndi ana awo awiri akuluakulu. Ndinawakhazika pabalaza n'kupita kukatereka ketulo. Ndili m'khitchini, amuna ake anayamba nkhani ina. Ndinkamva kuti munthu akulankhula, koma mawu osamveka, kungoti wuwuwu kuseri kwa khoma. Kenako onse anaphulika kuseka. Anasekanso kachiwiri, wina mpaka kuwomba patebulo. Ine ndili ndekha, maso pa ketulo.

Pamene ndimafika ndi thileyi, anali akupukuta misozi. Ndinafunsa chimene amaseka. Anati aa, zapita, zinali zoseketsa panthawi yake.

Ndinatsala pang'ono kugwetsa thileyi ija. Ndinakuonani inu mukulowa ndi makapu, mukumwetulira, mukufunsa kuti kodi mukuseka chiyani. Ndinadzimvanso ine ndikukuyankhani kuti palibe, ikani apo. Kangati? Sindingawerenge.

Nditabwerera kukatenga shuga, mlamu ananditsatira. Anaima pakhomo paja ndinkaima ine kale, manja m'chiuno, n'kunena kuti: "Alamu, mwalawako? Achemwali anga akhala m'kabokosi muno zaka zonsezi akumva banja lawo likuseka kuseri kwa khoma."

Ananena akuseka, mwachilamu, ine n'kusekanso. Koma tiyi wa tsiku limenelo sanatsike.

M'mawa mwake ndinapita kukafuna a Levulo. Mukuwakumbuka, mmisiri uja anatikonzera masitepe a pakhonde, amene amayenda ndi levulo, kachipangizo koyezera kuwongoka kwa khoma, m'thumba lakumbuyo ngakhale akupita kuchipatala. Ndinawauza kuti ndikufuna khoma lichoke lonse, khitchini ndi balaza zikhale chipinda chimodzi, ndipo inu musamve kanthu mpaka tsiku lodzabwera. Ndinkafuna mudzangotsegula chitseko n'kuima kakasi. M'mutu mwanga ndinali nditaona kale nkhope yanu.

A Levulo anabwera Lachitatu. Anagogoda khoma ndi chala, uku ndi uku, khutu atagunditsa. Kenako anapempha makwerero, n'kulowa m'siling'i ndi tochi kudzera pakabowo kaja ka m'kanjira kopita kuzipinda. Anakhalamo nthawi yaitali. Potsika, mutu uli mbuu ndi fumbi ndi ulusi wa akangaude, anakhala pampando wanu osapempha n'komwe.

Anati: "Bambo, khoma ili si lotchinga chabe ayi, lasenza nyumba. Mitanda yonse ya denga yagona pamenepa, ndiye thanki ya madzi yakhalanso pamutu pake. Mukalichotsa, denga lidzatsika kudzadya nanu patebulo."

Anandifotokozera kuti njira ilipo, koma si ya hamala ndi mphamvu. Pafunika injiniya adzayeze, pafunika chitsulo chachikulu chopingasa choti chidzalandire katundu yense amene khomalo lasenza. Anati iwo ali ndi ntchito ina yoti amalize, adzabwera pakatha masabata awiri. Pofuna kunditonthoza, anajambula ndi choko pakhoma kabokosi kakang'ono, n'kunena kuti zikadzavuta kwambiri tidzaboola kawindo koteroko kopatsirana mbale. Potuluka anatembenuka kawiri konse kundiuza kuti ndisakhudze chilichonse.

Ndinapirira masiku asanu ndi anayi.

Mukundidziwa. M'mawa uliwonse ndinkamwa tiyi ndikuyang'ana kabokosi ka choko kaja, mtima n'kumandiuza kuti amisiri onse ndi amodzi. Amakanika okonza mabasi ankandiopsezanso chomwecho, kuti basi iyi siifika, koma ndinkafika nayo. Ndinadziuza kuti kawindo kokhako n'kosaopsa, mwini wake wajambula yekha. Ndinaiwala kuti anajambula kawindo koti adzaboole iye, osati ine.

Loweruka m'mawa ndinakabwereka hamala yaikulu kwa bambo wowotcherera zitsulo uja wa pakona. Anandifunsa kuti ndi ya chiyani, ndinati ndikufuna kuswa mwala kuseri. Ndinasendeza sitovu pang'ono, ndinafunditsa mipando ndi makina anu osokera ndi nsalu zakale, n'kuyamba.

Njerwa yoyamba itagwera mbali ya pabalaza, kuwala kunalowa m'khitchini ngati munthu watsegula mpopi. Ndinasuzumira pabowopo. Ndinaona zenera lalikulu, makatani anu, mtengo wa pabwalo, ndi mpando wanga uli poteropo, pafupi kwambiri moti munthu angathe kuulankhula monong'ona. Zaka zonsezi tinali motalikirana masitepe anayi okha.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Chimwemwe chinalipo, mkwiyo unaliponso, wodzikwiyira ndekha. Nditafika pamzere wa choko sindinaime. Ndinati mzere umodzi wokha wa njerwa. Kenako wina. Pofika masana, bowo lija linali loti ng'ombe ikhoza kudutsa osawerama.

Ndiye kumwamba kunamveka kuti thee, ngati nthambi yaikulu ikuthyoka. Fumbi linayamba kuyoyoka. Ndikuyang'ana chonchi, mng'alu unathamanga pasiling'i kuchokera pababu mpaka pakona. Madzi anayamba kudontha kuchokera papaipi ya thanki. Ndisanaganize n'komwe chochita, kabati ija inapachikidwa pakhoma lomwelo inazuka mbali imodzi n'kukhuthula zonse pansi.

Apa ndiye povuta kulemba. Mbale zambiri ndinali nditatulutsa, koma shelefu yapamwamba ndinaiiwala. Makapu aja a maluwa amene malemu mayi anu anakupatsani, amene simunkalola ngakhale alendo kumwera, anali pamenepo. Pa asanu ndi limodzi, apulumuka awiri. Tiipoti yake yathyoka chogwirira. Zidutswa zonse ndinatola chimodzichimodzi, zili m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi. Ndikudziwa kuti sizingabwerere. Kutaya ndiye ndalephera.

Ndinathawira panja hamala ili m'manja, phazi limodzi lopanda silipasi. Ndinawaimbira a Levulo. Anandiuza kuti nditseke madzi pamita ndipo ndisalowenso m'nyumba. Pasanathe ola anafika pa kagalimoto ka mnzawo atanyamula mizati inayi yachitsulo, ija amaipotokola kuti italike. Analowa okha, ine ndili pageti ngati mlendo.

Ndinkayembekezera kuti andikalipira, ndipo zikanandipepukira. Sanatero. Anaimika mizati ija mmodzimmodzi, anaimanga mpaka denga linasiya kulira, anamanga paipi. Atamaliza anapempha madzi akumwa, anamwa, anapukuta pakamwa, n'kundifunsa kuti ndinayendetsa basi zaka zingati. Ndinati makumi atatu.

Iwo anati: "Pa zaka zonsezo, pasinjala anayamba wakulandanipo chiwongolero?"

Paja amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ine ndinatsala pang'ono kukhala ndi khomo lopanda nyumba.

Ndiye mmene zinthu zilili panopa ndi motere. Pakati pa nyumba paima mizati inayi, ndipo popita kubafa ndimadutsa chammbali ngati nkhanu. Ndikuphikira pakhonde pa kasitovu ka gasi, aneba onse akudziwa chimene ndadya. Chitseko cha kuchipinda kwathu chinakanirira chifukwa nyumba inapendekeka pang'ono, moti ndinagona kuchipinda cha ana sabata yathunthu, pabedi lalifupi, mapazi ali panja, mpaka a Levulo anachipala. Fumbi ndimasesa m'mawa, pofika madzulo labweranso. Makina anu osokera ali bwino, ndimawavundukula kuwaona.

Lachiwiri lapitali a Levulo anabwera ndi injiniya. Ine ndinkadikira bambo wa mimba yaikulu, koma kunatsika mayi wamng'ono, msinkhu wa mzime wathu, atavala chipewa cholimba ndi nsapato zazikulu. Anakwera yekha m'siling'i, anayeza paliponse ndi tepi, analemba manambala m'kabuku. Za bowo langa sananene zambiri, anangoti Mulungu amandikonda.

Kenako anandikhazika pansi n'kundifotokozera. Khoma likhoza kuchoka, koma osati lonse. Chitsulo chopingasa chija mbali imodzi chidzagona pakhoma lakunja la nyumba, koma mbali inayo chifunika potsamira. Ndiye chigawo china cha khoma lathuli, chotambalala ngati chitseko, chiyenera kutsala kuti chikhale mzati. Funso ndi lakuti chitsale mbali iti.

Chikatsala mbali ya sinki, wophika pasitovu adzaona balaza lonse ndipo kuwala kudzamufika, koma wotsuka mbale adzabisika kuseri. Chikatsala mbali ya sitovu, wotsuka ndi amene adzakhale pagulu, ndipo utsi ndi mafuta sizidzafika pamipando, koma wophika adzafunika kusuzumira kuti aone anthu. Kusuntha sinki kapena sitovu n'kovuta, chifukwa mapaipi ndi mawaya zinadutsa pamene zinadutsa.

Ine ndinati asankhe yekha, ndiye wophunzira. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti amaphika muno ndani. Ndinati akazi anga. Anafunsa kuti ali kuti. Ndinati ali kutali, kwa mwana. Ndiye anayamba kundifunsa mafunso ngati ndili pamayeso. Amaima pati nthawi yaitali, pasinki kapena pasitovu? Anyezi amadulira pati? Akanyamula poto wotentha amatembenukira mbali iti? Amakonda kuti alendo aziona mbale zakuda, kapena zimawachititsa manyazi?

Ine amene ndinaloweza siteji iliyonse ya msewu wautali uja, amene ndinkadziwa dzenje lililonse ndi pamene mbuzi zimakonda kuwoloka, ndinalephera kunena pamene mkazi wanga amadulira anyezi.

Mayi uja anapinda tepi yake n'kunena mofatsa kuti: "Bambo, chitsulo tikadula sitingachilumikizenso. Afunseni eni khitchini."

Anawonjezera kuti mizati ija si yokhalitsa. Denga linasuntha, ndipo akufuna chitsulo chikhale chitalowa mvula isanayambe. Watipatsa masabata asanu ndi limodzi.

Ngakhale apo, kuuma mutu sikunandithere. Ndinapita kwa mlamu kuti andiuze iye, poti munakulira limodzi, kuti chinsinsi changa chisaululike. Ndinamupeza akuyanika zovala. Anamvetsera nkhani yonse, pa za makapu anagwira pakamwa, koma nditafika pa pempho langa anakana.

Anati: "Mwayambanso, alamu. Zaka zonse ankapempha, inu osamva. Lero mukufuna kuwapatsa, koma kuwafunsa ayi."

Tsiku limenelo sanaseke. Anandiuzanso chinthu china chimene ndinkachidziwa koma ndinkachizemba. Anati mzime wathu anachira kalekale, anabwerera kuntchito, ndipo pakhomopo pali mayi wothandiza kulera ana. Anati mukanafuna kubwera, mukanabwera miyezi yambiri yapitayo. Nditafunsa chifukwa chake, anati iye si positi ofesi, ndikufunseni ndekha.

Musamukwiyire. Ndipo kunena zoona, sindikufunika kufunsa. Ndikudziwa.

M'mawa uja ndinakuperekezani kudepoti, munkandiuza zinthu zambirimbiri. Kuti gasi ndizitseka, kuti mankhwala ali m'dirowa yachiwiri, kuti maluwa a pakhonde safuna madzi ambiri, kuti zoyera ndisamachapire limodzi ndi zamitundu. Anzanga akale anali ataima pafupi, akumva, wina akutsinzinira mnzake. Ine manyazi anandigwira, ngati kusamalidwa ndi mkazi ndi chinthu chochititsa manyazi. Ndiye ndinanena mokweza kuti kwerani basi inu, nyumba siigwa chifukwa choti mwachoka.

Iwo anaseka. Inu simunaseke. Munanyamula chikwama chanu nokha, munakwera, n'kukakhala mbali imene kunalibe ine. Ine amene ndinanyamulira anthu osawadziwa katundu kwa zaka makumi atatu, ndinaima manja ali m'thumba. Basi itanyamuka ndinadziwa kuti ndalakwa, koma ndinati ndidzakonza pafoni. Lamlungu lililonse ndimatenga foni nditakonzeka, n'kupezeka ndikufunsa za nyengo.

Pepani. Pepani chifukwa cha mawu amenewo, ndiponso chifukwa cha ena ambiri amene anawatsogolera. Sanali oona ngakhale tsiku limene ndinawanenalo. Mukafuna kuseka kuti nyumba ija lero yaima pa ndodo zinayi, sekani ndithu, ndi ufulu wanu.

Ndakusowani, mayi a ana. Sindikunena za kuphika kapena kuchapa, zimenezo ndaphunzira, mpunga sukupsereranso ndipo malaya oyera atsala awiri amene sanasanduke ofiirira. Ndasowa kukwekwesa kwa masilipasi anu m'kanjira m'mawa. Ndasowa mmene mumaimbira motsatira wailesi ndi mawu olakwika, n'kumakana kuti ndi oimbawo akulakwitsa. Ndasowa kukangana nanu za zenera, inu kutsegula ine kutseka. Panopa ndimalitsegula ndekha, n'kumva kuzizira, osapeza womudandaulira.

Nthawi yovuta kwambiri ndi cha m'ma folo koloko madzulo, pamene munkabwera kuchokera kumsika n'kuyamba kundiuza nkhani musanatule n'komwe thumba. Ndinkangoti mmm, maso ali panyuzipepala. Lero ndingapereke nyuzipepala zonse za padziko kuti ndimve kuti wogulitsa tomato wakangana ndi ndani. Geti la aneba likalira, khosi limatembenuka lokha. Kawiri konse ndapezeka nditathira tiyi makapu awiri.

Tsiku lina ndikusesa fumbi kuseri kwa firiji ndinapeza ndolo yanu ija munaifuna mwezi wathunthu, mpaka kuganizira mwana wa aneba. Ndinatsala pang'ono kukuitanani kuti bwerani mudzaone. Ili m'mbale yaing'ono pawindo la kuchipinda.

Tsopano pempho langa.

M'envulopu muno ndaikamo pepala limene injiniya wajambula. Pali zithunzi ziwiri. Choyamba, khoma latsala mbali ya sinki. Chachiwiri, latsala mbali ya sitovu. Liyang'aneni mofatsa, mufunse mzime ngati mizere ina siikumveka. Mukasankha, mukhoza kungonditumizira uthenga wa liwu limodzi, choyamba kapena chachiwiri, ndipo a Levulo adzamanga monga mwanenera. Mukaona kuti zonse ziwiri n'zolakwika, nenaninso, mayi uja wati akhoza kulankhula nanu pafoni. Khitchini imeneyi si nyambo yokukolerani ayi. Idzamangidwa momwe mukufunira, kaya mubwera kaya simubwera, chifukwa munayenera kukhala nayo kalekale.

Koma mukandifunsa chimene mtima wanga ukufuna, ndi chakuti mubwere mudzaime pamalopo nokha. Mudzatambasule manja, mudzatembenuke, mudzaloze ndi chala kuti apa. Papepala sipaoneka mmene dzuwa la m'mawa likulowera pabowo langa loipa lija. Ngakhale sabata imodzi yokha. Mukadzafuna kubwereranso kwa zidzukulu, sindidzakutsekerezani.

Ngati mtima wanu sunakonzeke kuona nyumba ino, kapena kuona ine m'nyumba ino, ndiloleni ndibwere kumeneko. Ndidzagona pamkeka pabalaza la mkamwini, sindidzavuta. Mudzandiuze zonse zimene munasunga, ine ndidzakhala chete mpaka mumalize. Sindikulonjeza kuti ndasanduka mngelo, pausinkhu uno mtengo suwongoka tsiku limodzi. Koma kumva ndayamba kumva.

Pali chinanso chimodzi, poti ndayamba kale kuulula. Basi yochokera kumeneko imafika Lachiwiri ndi Lachisanu, fili koloko masana. Kuyambira mwezi wachinayi chichokereni inu, sindinaphonyepo. Ndimavala malaya abwino n'kupita kudepoti, n'kumanamizira kuti ndabwera kudzacheza ndi anzanga. Ndimakhala pabenchi ija ili moyang'anana ndi pamene imaima, ndimaonerera anthu akutsika mmodzimmodzi mpaka womaliza, mpaka kondakitala atatseka chitseko. Kenako ndimatsanzika n'kubwerera kunyumba wapansi. Anzanga aja anazindikira kalekale. Poyamba ankandiseka. Masiku ano basi ikamalowa amangosiya kulankhula, wina n'kundisunthira kuti ndione bwino.

Sindikunena izi kuti mundimvere chisoni. Ndikungofuna mudziwe kuti tsiku lililonse limene mungasankhe, ngakhale osandiuza, simudzasowa wokulandirani.

Mundiperekere moni kwa mzime wathu. Mumuuze kuti bambo ake amunyadira, ndipo nkhani ya makapu amve kwa inu, osati kwa mayi ake aang'ono, chifukwa iwo adzathirapo mchere. Moni kwa mkamwini, ndikuthokoza chifukwa cha zithunzi, asatope kutumiza. Mapasa muwafungatire m'malo mwanga, muwauze kuti ali ndi agogo aamuna amene sanawanyamulepo, koma amawatchula m'pemphero tsiku lililonse. Mlamu ndi amuna ake akupereka moni. A Levulo nawonso akuti moni, ndipo akuti hamala anandilanda, musade nkhawa.

Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu m'bondomo ndi mtendere mumtima. Ndidikira yankho lanu, lalifupi kapena lalitali.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a ana anu